Makatuni Akale ndi Manja Amene Anawajambula

Wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba kuulutsa mu 1999. Ambiri a ife kuno ku Dedza makatuni tinakumana nawo m'tinyumba toonetsera mavidiyo ta pa msika, pomwe mwini malo ankaika tepi ya mphaka wothamangitsana ndi khoswe kuti ana akhale chete podikira filimu ya nkhonya. Tinakula tikuona katuni ngati zachibwana, chinthu chosafunsa kuti anachipanga ndani. Komatu pofika 1999 luso limeneli linali litapitirira kale zaka 100, ndipo mbali yake imene ine ndimaiona kuti ndi yokoma kwambiri, ya pakati pa 1906 ndi 1935, kuno sinafike n'komwe.

Kunja kuno kuli anthu amene moyo wawo wonse amangosakasaka timafilimu timeneti, tina ta mphindi 2, tina ta mphindi 7. Ena ndi ogwira ntchito m'nyumba zosungira zakale, ena ndi anthu wamba amene amagula zitini zadzimbiri pa misika ya katundu wakale. Masiku ano munthu wa ku Bembeke kapena ku Lizulu, bola ali ndi foni ndi memori khadi, angathe kulowa nawo m'gululi. Chimene chimamusiyanitsa ndi wongodzaza khadi ndi mavidiyo ndi mafunso awiri amene amafunsa pa filimu iliyonse. Loyamba, linajambula ndi dzanja la yani? Lachiwiri, chimene ndagwirachi chikufanana bwanji ndi chimene dzanjalo linasiya?

Kuti funso loyambalo limveke kulemera kwake, tiyeni tiwerengere. Filimu ndi zithunzi zosayenda zondondozana, zimene zikamadutsa mofulumira diso limaona ngati chinthu chikuyenda. Kuyambira pamene mafilimu anakhala ndi mawu, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, pa sekondi iliyonse pamadutsa zithunzi 24. Katuni ya mphindi 7 ndiye kuti ili ndi zithunzi 10,080. Pa filimu ya anthu kamera imatola yokha zithunzizo, koma pa katuni munthu amakhala pansi n'kulemba chimodzichimodzi. Ngakhale pamene ankachepetsa ntchito potola pepala limodzi kawiri, mapepala ankafikabe 5,040. Kuphethira kulikonse kwa diso, kugwedezeka kulikonse kwa mchira, pali munthu amene anakuganiza n'kukugawa m'tizidutswa.

Woyamba kuonetsa zotere kwa anthu olipira pakhomo anali Émile Reynaud, ku Musée Grévin mumzinda wa Paris, pa 28 Okutobala 1892. Zithunzi zake ankazipenta pamanja pa malamba aatali ndipo makina ake ankawapukusa yekha. Mafilimu a kamera atabwera mu 1895 malonda ake anayamba kulowa pansi, ndipo patapita zaka, atataya mtima, anaponya ntchito zake zambiri mumtsinje wa Seine. Mwa zochepa zimene zinatsala muli Pauvre Pierrot. Mu 1906 J. Stuart Blackton wa ku America anatulutsa Humorous Phases of Funny Faces, nkhope za choko pa bolodi zimene zimamwetulira n'kutembenuza maso. Mu 1908 Émile Cohl wa ku France anatulutsa Fantasmagorie, zithunzi pafupifupi 700, yosakwana mphindi 2. Cohl analemba mizere yakuda pa mapepala oyera, koma potsuka filimuyo anaitembenuza kuti mizere ioneke yoyera pamalo akuda, ngati choko. M'mafilimu awiri omalizawa dzanja la wojambula limaonekera poyera, likulemba chithunzi choyamba. Nthawi imeneyo panalibe kukayikira kuti ntchitoyo ndi ya munthu.

Amene ndimafuna kuti aliyense ayambire kuonera ndi Winsor McCay, amene ankajambula nthano za zithunzi m'nyuzipepala za ku New York. Mu 1914 anatulutsa Gertie the Dinosaur, chinyama chachikulu cha khosi lalitali, pa mapepala pafupifupi 10,000. Panalibe njira yosungira malo a kumbuyo, choncho mnyamata womuthandiza, John Fitzsimmons, ankalembanso miyala, mtengo ndi nyanja pa pepala lililonse. Mukayang'anitsitsa, mizere ya miyala ija imanjenjemera pang'ono, chifukwa palibe dzanja limene lingabwereze mzere ndendende kokwana 10,000. Kunjenjemera kumeneko n'kumene kumandigwira mtima. Gertie amapuma, nthiti zake zikukwera n'kutsika. Akasuntha mwendo thupi lonse limapendekera mbali imeneyo, ngati chinthu cholemeradi. Akamudzudzula amalira. McCay ankaima pa siteji pafupi ndi chinsalu, chikwapu chili m'manja, n'kumamulamula, ndipo nthawi anaiwerengera bwino moti chinyamacho chinkaoneka ngati chikumva, nthawi zina n'kumachita dala zamwano. Chithunzi chinali chitayenda kale m'manja mwa ena, koma kwa McCay chinakhala ndi khalidwe.

Chaka chomwecho cha 1914, Earl Hurd analembetsa njira imene inasintha zonse: kujambula chimene chikuyenda pa pepala loonekera mkati, limene a ntchitoyi amalitchula kuti cel, n'kulisanjika pamwamba pa chithunzi chimodzi cha malo. Hurd anagwirizana ndi John Randolph Bray, ndipo makampani ena ankawalipira kuti agwiritse ntchito njirayo. Raoul Barré anabweretsa timisomali tolowetsa m'mabowo a mapepala kuti asamasunthe. Ntchito inafulumira, ndipo inagawidwa. Wina ankalemba zithunzi zikuluzikulu, wina zapakati, wina ankatsatira ndi inki, wina ankapaka utoto. Katuni inasanduka katundu wa m'fakitale wotuluka sabata ndi sabata, ndipo dzina lolembedwa koyambirira linakhala la mwini fakitale.

Apa m'pamene wosonkhanitsa amagwira ntchito yofukula. Felix the Cat, amene anayamba kuoneka mu 1919 mu Feline Follies, anali katuni yotchuka kuposa zonse mawu asanabwere. Pa filimu iliyonse pankalembedwa Pat Sullivan, mwini kampani wochokera ku Australia. Koma akatswiri ambiri a mbiri ya makatuni amavomereza kuti amene ankamujambula ndi kutsogolera ntchitoyo anali Otto Messmer, munthu wofatsa amene dzina lake silinkalembedwa. Kayendedwe kaja ka Felix, manja kumbuyo, mutu pansi, akuzungulirazungulira poganiza, ndiponso mchira umene amauzula n'kuusandutsa ndodo kapena chizindikiro cha funso, ndi za Messmer. Sullivan anamwalira mu 1933. Messmer anayamba kutamandidwa poyera atakalamba kale, ndipo mu 1977 John Canemaker anapanga filimu yofotokoza za iye. Anamwalira mu 1983.

Nkhani ya Mickey Mouse ndi yosiyanako, ndipo ndi bwino kuinena molondola. Pa Steamboat Willie, imene inaonetsedwa koyamba ku New York pa 18 Novembala 1928, dzina la Ub Iwerks linalembedwa ndithu pamodzi ndi la Walt Disney. Kungoti dziko linasunga limodzi n'kuiwala linzake, chonsecho Iwerks ndi amene anajambula Plane Crazy pafupifupi yekha, akufika pa zithunzi 700 tsiku limodzi. Mphaka ndi khoswe wathu uja, Tom and Jerry, anayambitsidwa ndi William Hanna ndi Joseph Barbera mu 1940 ndipo anapata mphoto za Oscar zokwana 7, koma zinkapita m'dzina la bwana wawo, Fred Quimby, amene sankajambula. Nanga azimayi mazanamazana amene ankatsatira inki ndi kupaka utoto? Mizere yosalala imene timaona ndi yawo, koma mayina awo sankalembedwa. Lillian Friedman, amene anakwezedwa kukhala wojambula ku kampani ya makatuni ya Max ndi Dave Fleischer mu 1933, anali mmodzi mwa ochepa kwambiri amene analoledwa kudutsa mpanda umenewo.

Ife a ku Dedza kuwawa kwa dzina lotayika tikukudziwa. Malo 127 a zojambula za pamiyala a Chongoni, amene UNESCO inawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, ali ndi zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, ku Chentcherere, ku Mphunzi, ku Namzeze. Ntchito ikuoneka, koma palibe ngakhale mmodzi mwa ojambulawo amene tingamutchule. Makatuni a zaka 100 zapitazo anatsala pang'ono kufika pomwepo. Mwayi wake ngoti mayina ake akadafukulika.

Koma musanafunse za dzanja, filimuyo iyenera kukhalapo, ndipo ambiri kulibe. Mpaka cha m'ma 1951 mafilimu a m'nyumba zazikulu zoonetsera ankasindikizidwa pa lamba wa nitrate. Lamba ameneyu akagwira moto amadzipangira yekha mpweya woyakira, moti ngakhale kumumiza m'madzi sazima. Akapanda kupsa amawola: amayamba kunanda, kenako amaumbika pamodzi, pomaliza n'kusanduka fumbi lofiirira. Pa 9 Julaye 1937 nkhokwe ya kampani ya 20th Century-Fox ku Little Ferry, New Jersey, inapsa nyengo yotentha, ndipo mipukutu yoposa 40,000 inathera pomwepo. Ku Argentina, El Apóstol ya Quirino Cristiani, ya mu 1917, imene ambiri amaiwerenga kuti ndi katuni yaitali yoyamba, inapsa mu 1926. Ndipo si moto wokha. Mawu atabwera, makampani ankaona mafilimu opanda mawu ngati zinyalala, ndipo ambiri anawasungunula kuti achotsemo siliva. Kafukufuku amene Library of Congress, nyumba yaikulu yosungira mabuku ndi zakale ya boma la America, inatulutsa mu 2013 anapeza kuti mwa mafilimu aatali opanda mawu a ku America, 70 pa 100 aliwonse anatayikiratu. Timafilimu tatifupi tinkasamalidwa mochepera pamenepo.

Chimene chinapulumutsa tambiri ndi malonda a m'nyumba za anthu. Pathé inatulutsa lamba wa 9.5mm mu 1922, Kodak inatulutsa wa 16mm mu 1923 ndi wa 8mm mu 1932, onsewa osayaka ngati nitrate. Makatuni ankakoperedwa pa timalamba timeneti n'kugulitsidwa kwa mabanja, sukulu ndi mipingo, n'kumwazikana dziko lonse. Taonani za Oswald the Lucky Rabbit, kalulu amene Disney ndi Iwerks ankajambula mu 1927 ndi 1928 asanamulandidwe n'kuyambitsa Mickey. Mafilimu ake angapo ankaganiziridwa kuti anatha. Hungry Hobos inapezeka ku England mu 2011. Empty Socks inatulukira m'nkhokwe ya National Library ya ku Norway mu 2014. Sleigh Bells inapezeka ku BFI National Archive, nkhokwe ya mafilimu ya ku Britain, mu 2015. Mu 2018 chidutswa cha Neck 'n' Neck chinapezeka ku Japan kwa bambo wina wachikulire amene anachigula ali mwana wa sukulu n'kuchisunga zaka pafupifupi 70. Ku Japan komweko, Namakura Gatana ya Jun'ichi Kōuchi, ya mu 1917, inapezeka pakati pa katundu wakale ku Osaka, ndipo nkhaniyi inalengezedwa mu 2008. Zimene makampani olemera anataya, zinasungidwa ndi anthu amene anangokana kutaya chitini.

Pali amene amasonkhanitsa mapepala enieniwo ndi ma cel. Kale ma cel ankatsukidwa kuti agwirenso ntchito, ena ankangotayidwa, mpaka mu 1938 pamene Courvoisier Galleries ya ku San Francisco inayamba kugulitsa a Disney ngati zithunzi zopachika pakhoma. Mwa mapepala 10,000 a Gertie patsala mazana ochepa okha. Mitengo yake lero si ya thumba la mphunzitsi wa ku Mayani, ndipo msikawo wadzaza ndi ma cel osindikizidwa pambuyo pake amene sanalowepo pansi pa kamera. Tisatayepo nthawi.

Chathu ndi makope a pa intaneti, ndipo pamenepo funso lachiwiri lija limakula. Library of Congress inaika poyera makatuni oyambirira a ku America a pakati pa 1900 ndi 1921. National Film Archive of Japan ili ndi tsamba la makatuni akale a kwawo, limene linatsegulidwa mu 2017. Internet Archive ili ndi ambirimbiri, abwino ndi oipa pamodzi. Ku America umwini wa mafilimu a nthawi imeneyo umatha pakapita zaka 95, n'chifukwa chake Steamboat Willie inamasuka pa 1 Januwale 2024, ndipo Januwale aliyense chaka china chimatseguka. Koma nyimbo yatsopano imene wina waikapo ili ndi mwini wake, ndipo kuno kwathu kuli lamulo la umwini wa zaluso la 2016, limene bungwe la COSOMA, loona za umwini wa zaluso, imayang'anira. Wofuna kuonetsa molipiritsa ayambe wafunsa.

Kope yabwino imadziwika bwanji? Yambani ndi maonekedwe a chithunzi. Mafilimu amenewa anali pafupifupi a mbali zofanana, 4 m'lifupi pa 3 m'mwamba. Mukaona Felix wafufuma m'mbali kudzaza sikirini yonse ya foni, wina anamukoka. Mukaona mapazi kapena makutu adulidwa, wina anamudula. Kenako liwiro. Mafilimu opanda mawu ambiri ankayenda pa zithunzi 16 kapena 18 pa sekondi, ndipo akawathamangitsa pa 24 kapena 25 zonse zimangoti phatiphati, kulemera konse kumene wojambula anakuvutikira n'kutha. Anthu ambiri amene amati mafilimu akale ndi othamanga mopusa anaonera makope olakwika.

Msampha woipa kwambiri ndi wa mitundu. Chakumapeto kwa ma 1960 ndi kumayambiriro kwa ma 1970, makatuni ambiri akuda ndi oyera, monga a Porky Pig ndi Betty Boop, anatumizidwa ku South Korea kuti akalembedwenso mwa mitundu chifukwa cha wailesi za kanema. Olembawo ankatsatira mwachangu, akudumpha zithunzi zina. Chimene chinatuluka chili ndi dzina la filimu yoyamba, koma mulibe mzere ngakhale umodzi wa wojambula woyamba. Makope amenewa ndi amene anadzaza zimbale zotchipa zija za makatuni 50 pamodzi. Katuni yoyamba ya Technicolor ya mitundu yonse inali Flowers and Trees ya mu 1932, choncho mukaona ya mu 1930 ili ndi mitundu yonse, ikayikireni. Palinso makompyuta oyeretsa filimu amene amaona mzere wopyapyala ngati kukalika n'kuufufuta, moti mchira kapena ndevu zimasowa pamene chinthu chikuthamanga. Kwa ine kope yokalika koma ya mizere yonse iposa yosalala yobedwa mizere.

Mukaipeza yabwino, ilembeni. Kope ya sukulu ya chikuto cholimba ikwanira: dzina la filimu, chaka, kampani, amene analembedwa pa filimu, amene anajambuladi, utali wake, ndi kumene mwaitenga. Sungani malo awiri, chifukwa fulashi imafa osatsanzika, ndipo ya m'thumba imene imalowa m'makompyuta a obena nyimbo imatenga mavairasi. Potumizira mnzanu pa WhatsApp tumizani ngati dokumenti, apo ayi imafinyidwa ndipo mizere imasungunuka.

Poonera, onerani kawiri. Koyamba muisiye iyende. Kachiwiri muiimitse n'kumaisuntha chithunzi chimodzichimodzi. Pa kompyuta, pulogalamu yoonera mavidiyo ya VLC imachita zimenezi ndi batani la E. Pamenepo mudzaona mpira ukuphwatalala pogunda pansi n'kutalika podumpha, mudzaona manja opanda zigongono opindika ngati paipi ya labala, mudzaona pomwe wojambula anabwereza zithunzi zomwezo kuti apume. Pang'ono ndi pang'ono mumayamba kuzindikira manja. Za Max ndi Dave Fleischer zonse zimavina, ngakhale nyumba ndi mitengo, ndipo pakati pake pamatulukira kayendedwe ka munthu weniweni, chifukwa Max anapanga makina otchedwa rotoscope olembera motsatira filimu ya munthu. Koko the Clown anali Dave atavala zachitsudzo, ndipo mzukwa wovina mu Minnie the Moocher ya mu 1932 ndi woimba Cab Calloway. Za Lotte Reiniger wa ku Germany simungazisokoneze ndi za wina: makatoni akuda odulidwa ndi sizasi, olumikizidwa ndi tiwaya, owunikidwa kuchokera pansi. The Adventures of Prince Achmed yake ya mu 1926 ndiyo katuni yaitali yakale kwambiri imene ilipobe.

Zitini zenizeni nazo zingapezeke kuno. Bantu Educational Kinema Experiment inayenda ndi mafilimu m'Nyasaland pakati pa 1935 ndi 1937, ndipo Central African Film Unit inagwira ntchito kuyambira 1948 mpaka 1963, mafilimu a 16mm akuzungulira m'maboma, m'sukulu ndi m'mishoni. Mukapeza mpukutu m'sitolo yakale ya parishi kapena ya sukulu, musauyese pa pulojekita, chifukwa lamba wouma amang'ambika m'mabowo. Wa 16mm sayaka ngati nitrate, koma ukamanunkha viniga ndiye kuti wayamba kuwola, ndipo uchotsedwe pakati pa inzake chifukwa mpweya wakewo umafulumizitsa kuwola kwa ina. Wa 35mm wolembedwa NITRATE m'mphepete ukhale kutali ndi moto ndi dzuwa. Kuzizira kwa Dedza n'kwabwino kwa filimu, koma chinyezi cha dzinja ndi nkhungu ya m'mapiri zimabweretsa chuku. Dziwitsani a National Archives of Malawi ku Zomba.

Pali mbali ina imene wosonkhanitsa wa kuno sangaizembe. Makatuni ambiri a ku America ndi ku Ulaya a zaka zimenezo amanyoza munthu wakuda: milomo yokokomeza, fupa pamphuno, mphika wophikira mlendo. Zinachokera ku zisudzo zimene azungu ankadzipaka nkhope makala n'kumaseka akuda, ndipo ngakhale magolovesi oyera a akatuni otchuka ali ndi mizu kumeneko. Mu 1968 United Artists inachotsa pa wailesi za kanema makatuni 11 a Warner Bros. chifukwa cha zimenezi. Zimapweteka kwambiri pamene dzanja lake ndi laluso. Ine sindifufuta. Ndimaika padera, ndi chaka ndi dzina la wojambula, chifukwa ndi umboni wa mmene ankationera pa nthawi imene ankatilamulira. Koma sindingaikire ana n'kutuluka panja.

N'chifukwa chake ndimaumirira kuti kaundula wa munthu wa kuno akhale ndi masamba a Africa, ngakhale zaka zake zili zapambuyo. Ku Egypt abale a banja la Frenkel anatulutsa Mish Mish Effendi mu 1936. Ku Congo ya Abelgium, m'ma 1950, kunapangidwa Les Palabres de Mboloko, nthano za kagwape kochenjera, ngakhale otsogolera ntchitoyo anali azungu. Kenako pali Moustapha Alassane wa ku Niger, amene ali mnyamata ankaonetsa anzake zithunzi za mithunzi, n'kudzaphunzira kwa wopanga mafilimu wa ku France Jean Rouch ndiponso kwa katswiri wa makatuni Norman McLaren ku Canada. Bon Voyage Sim yake ya mu 1966 ndi ya mphindi pafupifupi 5, mizere yakuda pamalo oyera: pulezidenti wa dziko la achule akupita kukacheza kwa pulezidenti mnzake, ndi ndege, asilikali a perete ndi ulemu wonse wa boma. Niger inali ndi zaka 6 zokha chilandirire ufulu, ndipo munthuyu anali akuseka kale madyerero a atsogoleri atsopano ndi cholembera chake. Anamwalira mu 2015. Ntchito zake zikadali ndi eni ake, choncho sizimwazika pa intaneti ngati za Felix, ndipo kupeza kope yake yabwino kumafuna kuleza mtima ndi bandulo yochulukirapo.